Nyimbo zosamveka pa wailesi: tizipeza kuti, tizigawana bwanji?

M'foni mwanga muli nyimbo ina yomwe dzina lake ndi AUD-20210914-WA0031. Inabwera pa gulu la WhatsApp la anzanga omwe tinaphunzira limodzi. Ndi mnyamata akuimba yekha ndi gitala lopanga yekha, mawu ake akusakaniza Chisena ndi Chichewa, ndipo chapakati pa nyimboyo kukumveka tambala akulira kuseri kwa nyumba. Ndinamufunsa amene anaitumiza. Iye anati anaitenga kwa mlamu wake, mlamuyo nayenso anaikopera mu memore ya dalaivala wa minibasi ya ku Nsanje. Ndinayesa Shazam, apu yozindikira nyimbo, inangozungulirazungulira n'kundiuza kuti siikuidziwa. Nyimboyo ndaimvetsera kambirimbiri, koma mwini wake sadziwa kuti ku Lilongwe kuli munthu amene amaiimba posamba. Nditafuna kumutumizira ya sopo ndilibe potumiza.

Kupeza nyimbo zachilendo masiku ano si nkhani. Oimba odziimira paokha, ojambulira m'chipinda chogona ndi kompyuta yobwereka, ali ponseponse, kuyambira ku Ndirande mpaka ku Kampala ndi Jakarta. Chovuta n'chakuti nyimbo ikufikeni ili ndi dzina la mwini wake, ndipo inunso poipereka kwa wina dzinalo lisagwe panjira. Ndiye poyerekeza njira zili m'munsizi ndikuyang'ana zinthu zitatu: ngati njirayo ingakupezereni zachilendo zenizeni, bandulo yomwe imadya, komanso chomwe woimba amatolapo.

Memore, Bluetooth ndi WhatsApp

Ndiyambe ndi njira yomwe anthu ophunzira amaiderera, chonsecho ndi yomwe yayendetsa nyimbo zambiri kuposa zonse kuno. Pamsika uliwonse pali kabenchi ka mnyamata woika nyimbo, kompyuta yake yakale ili pansi pa ambulera, sipika ikuphulika. Mumamupatsa memore kapena fulashi, iye n'kukufunsani kuti, "Ndikuikireni za mtundu wanji, bwana?" Mukangoti zalokolo, mupita kwanu ndi zomwe aliyense ali nazo kale. Koma mukamufunsa kuti, "Achimwene, muli ndi za ana a konkuno zomwe sizinapite pa wailesi?" adzatsegula foda ina yomwe satsegulira aliyense. Mmenemo ndi momwe muli makwaya a m'midzi, anyamata a rap a kuseri kwa msika, ndi magulu a zingwe omwe anajambula kamodzi kokha n'kubalalika.

Njirayi isakuchititseni manyazi. Gqom, nyimbo ya m'makomboni a ku Durban, inafalikira kudzera pa WhatsApp, pa masamba otsitsirapo nyimbo mwaulere ndi m'ma taxi, makampani akuluakulu asanaidziwe n'komwe. Ku Mali, Christopher Kirkley wa ku Portland anakhala m'tauni ya Kidal akusinthana nyimbo ndi anthu kuchokera m'mamemore a mafoni awo, ndipo mu 2011 kampani yake ya Sahel Sounds inatulutsa chimbale cha nyimbo zotoledwa motero. Mmodzi mwa oimba a m'chimbalecho anali Mdou Moctar wa ku Niger, yemwe lero amadzaza maholo ku Ulaya ndi ku America. Koma chomwe anthu amaiwala pa nkhaniyi ndi ntchito yomwe inatsatira: Kirkley anachita kuwasaka oimbawo mmodzimmodzi kuti awapatse gawo lawo, chifukwa mafayilo ambiri analibe mayina olondola.

Pa bandulo, palibe njira yoposa iyi. Bluetooth ndi Xender sizidya kanthu, ndipo nyimbo ya MP3 ya mphindi zinayi pa 128 kbps imangokwana 4MB, yomwe bandulo ya WhatsApp imanyamula osadandaula. Vuto lili kwa woimba. Sapeza khobidi, ndipo dzina lake limafufutika pa foni yachitatu. Ena amaika mawu awo pamwamba pa nyimbo ya eni, kukuwa dzina la shopu yawo pakati pa kolasi. Palinso za malamulo: kukopera ndi kugulitsa nyimbo popanda chilolezo n'kolakwira lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa ntchito imeneyo. Osaiwalanso mavairasi. Fulashi yanga ina inabwerako ku benchi ina mafoda onse atasanduka njira zachidule zosatsegula kanthu, zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga zili momwemo.

Pali kanthu kakang'ono komwe kamathandiza kwambiri. Musanatumize nyimbo pa WhatsApp, sinthani dzina la fayilo kuti likhale ndi dzina la woimba, mutu wa nyimbo ndi dera lomwe akuchokera, kenako muitumize ngati Document, osati ngati Audio. Ikapita motero dzinalo limafika lili lonse kwa wolandira. Ndipo ngati woimbayo mukumudziwa, yambani mwamufunsa. Ambiri amavomera mosangalala, ena amakupemphani kuti muikepo ndi nambala yawo.

Makina osankhira anthu nyimbo

Spotify inafika ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mu February 2021. N'zoona kuti ili ndi nyimbo zochuluka zedi, ndipo mndandanda wake wa Discover Weekly, womwe umasintha Lolemba lililonse, nthawi zina umakutulutsirani chinthu chokoma. Koma makina ake amaphunzira kuchokera pa zomwe anthu ambiri akumvera. Nyimbo yomwe yamvedwa ndi anthu khumi ndi awiri ilibe chowauza makinawo, choncho siionekera. Mukamvera nyimbo ziwiri za amapiano, sabata yonse mudzadya amapiano ngati kuti munalumbira.

Kwa woimba wamng'ono zinthu n'zowawa kuposa apo. Sangaike yekha nyimbo pa Spotify. Ayenera kudzera kwa ogawa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, ndipo ambiri mwa iwo amafuna malipiro a madola. Kuyambira mu 2024, nyimbo yomwe sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 silandira kalikonse kuchokera ku thumba la malipiro a zojambulidwa. Ndiye kuti woimba yemwe tikumufunayu, wa omutsatira ochepa koma okhulupirika, ndi amene anadulidwa.

Audiomack, yomwe inayamba mu 2012 ku New York, ndiyo ndimaiona kuti inamvetsa moyo wathu. Woimba amaika nyimbo yekha, mwaulere, ngakhale kuchokera pa foni. Womvera amatha kutsitsa nyimbo zambiri akapeza Wi-Fi n'kumazimvera popanda netiweki. Dziwani chabe kuti zotsitsidwazo zimakhala mkati mwa apu momwemo, simungazisamutsire mu memore ya wailesi ya agogo. Achinyamata ambiri a hip hop ndi dancehall a ku Malawi ndi ku Zambia amayambira pamenepa. Tsamba loyamba musalikhulupirire, limadzaza ndi akuluakulu a ku Lagos. Lembani dzina la dera kapena la situdiyo yaing'ono posakira, mukapeza woimba mmodzi wokusangalatsani muone omwe anaimba nawo, n'kumatsata ulusi womwewo.

Boomplay imabwera kale m'mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix, ndipo ubwino wake waukulu ndi womwewo. Pofuna zotchuka ndi za uzimu imagwira ntchito. Pofuna zobisika sindiitsegula.

YouTube ndi nkhokwe ya zakale. Anthu okonda nyimbo amajambula malekodi ndi makaseti awo akale n'kuwaika pamenepo, chithunzi chili chikuto chong'ambika chokha. Nyimbo za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zomwe simungazipeze m'sitolo iliyonse zimapezeka pa matchanelo a anthu wamba oterewa, ndipo m'ndemanga mumapeza mdzukulu wa woimba ng'oma akufotokoza komwe gululo linathera. Imadya bandulo ngati njovu m'munda wa chimanga, choncho tsitsani kanema pa 144p, pakuti mukufuna khutu, osati diso.

SoundCloud, ya ku Berlin, ndi bwalo la ma DJ ndi opanga mabiti. Muli zinyalala zambiri, osabisa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinsinsi chake n'kulowa pa tsamba la woimba yemwe mumamukonda n'kuona zomwe iye anazikonda ndi kuzigawanso. Oimba amamvera zinthu zachilendo kuposa zomwe amaimba.

Bandcamp, msika weniweni koma wa ndalama zakunja

Tikanakhala kuti ndalama zakunja sizivuta, ndikanangoti pitani pa Bandcamp basi. Ndi msika womwe woimba kapena kampani yaing'ono imatsegula benchi yake, kuika mtengo wake, ndipo nthawi zina kukuuzani kuti mupereke zomwe mungathe. Bandcamp imatengapo 15 peresenti pa nyimbo zotsitsa, n'kutsika kufika pa 10 woimba akagulitsa zopitirira madola 5,000. Kuyambira mu March 2020, nthawi ya Covid-19 maholo atatsekedwa, pamakhala masiku ena a Lachisanu otchedwa Bandcamp Friday pomwe kampaniyo sitengapo gawo lake. Munthu mmodzi wogula chimbale pamenepa amaposa anthu mazanamazana ongomvera pa Spotify.

Chomwe mwagula chimakhala chanu. Mumatsitsa MP3 kapena FLAC (fayilo yaikulu yosatsitsa ubwino wa mawu) n'kuisunga komwe mukufuna, dzina la woimba, chaka ndi chikuto zili momwemo. Samalani ndi FLAC ngati bandulo ndi yoperewera, chimbale chimodzi chimatha kupitirira 300MB, pomwe MP3 yabwino ya 320 kbps imadya pafupifupi 2.4MB pa mphindi. Pa sipika ya Bluetooth ya pamsika kusiyana kwake simungakumve.

Pofufuza zachilendo, Bandcamp ili ndi zinthu ziwiri zomwe ndimazikonda. Choyamba, nyimbo zimaikidwa zizindikiro za malo, moti mutha kusaka za ku Lilongwe, Lusaka, Maputo kapena Addis Ababa n'kuona zomwe zatuluka kumeneko. Chachiwiri, pansi pa chimbale chilichonse pamaoneka tinkhope ta anthu omwe anachigula. Dinani kamodzi, mulowa m'nkhokwe ya munthu wa ku Osaka kapena Glasgow yemwe anagula chimbale cha babatoni, gitala lalikulu lija la chingwe chimodzi, n'kuona zina zonse zomwe anagula. Munthu wotero amakhala ndi khutu lofanana ndi lanu, ndipo ndapeza zambiri m'nkhokwe za alendo amenewa kuposa zomwe makina aliwonse anandipatsapo. Kumvera n'kwaulere, ngakhale kuti nyimbo zina mukazibwereza kangapo tsambalo limakukumbutsani kuti mutsegule chikwama.

Chikwamacho ndiye vuto. Kugula kumafuna khadi la kubanki lololedwa kulipira kunja kapena PayPal, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira madola kuchokera ku Malawi m'zaka zapitazi akudziwa mmene zimakhalira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chimbale cha madola 10 chinasanduka nkhani yoyamba mwakambirana ndi a kunyumba. Apa ndi pomwe abale athu a ku Johannesburg, Leeds ndi Dublin angathandize. Bandcamp imalola kugulira munthu wina ngati mphatso, iye n'kulandira linki pa imelo. Amalume akafunsa kuti akutumizireni chiyani pa Khirisimasi, yankho lilipo.

Ndisabise, kampaniyi yasintha eni kawiri: Epic Games inaigula mu 2022, n'kuigulitsa kwa Songtradr mu 2023, ndipo pafupifupi theka la antchito anachotsedwa. Msika ukadalipo ndipo ukuyenda, koma chomwe mwagula tsitsani lero lomwe.

Makutu a anthu ena

Njira yomwe yandipezera nyimbo zodabwitsa kwambiri ndi yakale kuposa zonse: kumvera munthu wodziwa kusankha. NTS Radio, yomwe Femi Adeyemi anayambitsa mu 2011 ku Hackney mu London, ili ndi mapulogalamu mazanamazana, aliyense ndi wosankha wake. Ola lino mukumva nyimbo za maliro za ku Ghana, ola lotsatira punk ya ku Indonesia. Mapulogalamu akale amasungidwa pamodzi ndi mndandanda wa nyimbo zomwe zinaseweredwa, ndiye dzina silisowa. WFMU ya ku Jersey City imachita zofanana ndipo ndi yamakani kwambiri pa kusatsata zotchuka.  Palinso Radio Garden, komwe mumazunguza dziko lonse ndi chala n'kutera pa wailesi ya tauni iliyonse. Kumvera wailesi ya pa intaneti pa 128 kbps kumadya pafupifupi 60MB pa ola, zomwe n'zochepa poyerekeza ndi kanema.

Tisathamangire kutali tisanamalize za pakhomo. Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, wailesi ya ku Nkhotakota ndi Breeze FM ku Chipata amasewera oimba a m'dera lawo omwe ku Blantyre sanawamvepo. Safuna bandulo, amangofuna mabatire. Muulutsi akaiwala kutchula dzina, muimbireni foni mumufunse. Safunsa anadya phula.

Makampani ang'onoang'ono a nyimbo nawonso ndi makutu. Mukakonda chimbale chimodzi cha Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala, yomwe inatulutsira dziko singeli ya ku Dar es Salaam, ija yothamanga ngati yathawa moto, mwina mukondanso zina zawo. Awesome Tapes From Africa inayamba mu 2006 ngati tsamba la Brian Shimkovitz loikapo makaseti omwe anagula ku Ghana, n'kukhala kampani mu 2011. Ndi iwo anabwezeretsa pa nsanja Hailu Mergia wa ku Ethiopia, yemwe panthawiyo ankayendetsa taxi ku Washington. Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso Zamrock ya ku Zambia ya m'ma 1970, magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, mpaka Jagari Chanda, woimba wa WITCH, anabwerera kukaimba m'maiko akunja atakalamba.

Apa pali kanthu kamene kamandilasa. Madalitso Band, anyamata awiri omwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala, zimbale zawo zimatuluka ku Geneva pansi pa Bongo Joe. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja chifukwa cha kanema wa pa intaneti ambirife tisanamumve. Nyimbo za akaidi a ku ndende ya Zomba zinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Tinkawadutsa anthuwa pa depoti tikuthamangira minibasi, ndiye tikuwamvera lero chifukwa mzungu wawaloza. Akuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma tsitsi lake linali lathu lomwe. Sindikuwada makampaniwa, ena mwa iwo amagawana phindu ndi oimba mwachilungamo kuposa momwe amalonda a kuno ankachitira nthawi ya makaseti. Ndikungoti khutu lawo lisalowe m'malo mwa lathu.

Kupita komweko

N'chifukwa chake njira yomaliza ndi ya miyendo. Chikondwerero cha Tumaini, chomwe mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume anayambitsa mu 2014 ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, chimasonkhanitsa oimba a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi Malawi pa bwalo limodzi, ndipo kulowa n'kwaulere. Lake of Stars, yomwe inayambira ku Chintheche mu 2004, ndi yodula koma imabweretsa zachilendo. Kulikonse komwe mwapita, fikani masana dzuwa likadali pamutu. Otchuka amaimba usiku. Osadziwika amapatsidwa nthawi yomwe anthu akadali kudya chipisi, ndipo ndi omwe mwadzera.

Komanso si zikondwerero zokha. Kuli maukwati, misonkhano ya makwaya, mabala a m'makomboni Lamlungu madzulo, ndi bambo wa bangwe kapena kaligo wokhala pakhonde la sitolo. Pano palibe kampani yodulapo gawo. Mukatumiza K2,000 pa Airtel Money kapena Mpamba, yafika m'manja mwa mwini nyimbo tsiku lomwelo, ndipo pa Spotify ndalama yomweyo ikanafuna kuti nyimboyo imvedwe kambirimbiri. Mukafuna kujambula ndi foni, pemphani kaye, ndipo poyamba kujambulako mufunseni atchule dzina lake ndi kwawo. Likalowa m'mawu momwemo palibe WhatsApp yomwe ingalifufute. Kuipa kwa njirayi n'kodziwikiratu: thiransipoti, nthawi, ndipo mumangomva za komwe miyendo yanu yafika.

Nanga musankhe iti?

Zimatengera chomwe chikukuvutani. Ngati ndi bandulo, gwirizanani ndi mnyamata wa pabenchi ndi wailesi ya m'dera lanu, Audiomack ikhale ya masiku omwe mwapeza Wi-Fi. Ngati muli kunja ndipo khadi lanu limagwira ntchito, mulibe chowiringula: pezani pa NTS, gulani pa Bandcamp, makamaka Lachisanu lija. Ngati ndinu woimba, musadalire khomo limodzi. Ikani pa Audiomack ndi YouTube kuti anthu akhale ndi linki yogawana, tumizani MP3 yokhala ndi dzina lanu ndi nambala yanu m'magulu a WhatsApp, ndipo kalembetseni ku COSOMA. Za Spotify muziganize omvera akachuluka.

Pogawana ndi anzanu, linki imaposa fayilo paliponse pomwe linki ilipo, chifukwa imamufikitsa munthu pakhomo pa woimba. Koma musaike mtima wonse pa intaneti. Mu 2019 MySpace inavomera kuti inataya nyimbo zoposa 50 miliyoni zomwe anthu anaika pakati pa 2003 ndi 2015, zambiri za magulu ang'onoang'ono omwe analibe kwina kozisunga. Zippyshare, komwe ma DJ ambiri ankaikako ntchito zawo, inatsekedwa mu 2023 ndipo malinki onse anafa tsiku limodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine zomwe ndimazikonda kwambiri ndimazisunga pawiri, mu kompyuta ndi mu fulashi yomwe sipitanso ku benchi ya aliyense.

Nyimbo ya mnyamata wa gitala uja ilinso momwemo. Ndinaisintha dzina, pano imatchedwa "Wosadziwika, gitala ndi tambala, minibasi ya ku Nsanje". Mwezi watha ndinakwera basi yopita ku Chikwawa, ndipo titatsika zitunda za Thabwa ndinamuikira kondakitala nyimboyo. Anamvetsera mpaka pa tambala paja, n'kuseka, n'kunena kuti mawuwo akuwadziwa, akufanana ndi a mnyamata wina amene amaimba pa msika wa Bangula tsiku la msika. Ndinamusiyira nambala yanga. Sanaimbebe.